Kodi magetsi a pakhoma amalowa bwanji m'batire?

Lero azakhali anu ndabwera ndi funso. Foni ikatha moto, amayi amailumikiza ku tchaja. Tchajayo amaibaya pa soketi ya pakhoma. Pakapita nthawi, foni ija yadzuka. Nanga tchaja ikufunikiranji pakatipo? Bwanji osangotenga mawaya awiri n'kulumikiza batire kukhoma basi? Yankho lalifupi ndi ili: kutero kukhoza kupha munthu ndi kutentha nyumba. Koma pali yankho lalitali, ndipo limenelo ndiye lokoma. Khalani pansi bwinobwino, tilitsate pang'onopang'ono.

Kodi lero tiyesa chiyani? Zambiri! Tiwomba m'manja. Tiwerenga nyemba. Tikulunga ulusi pa kamtengo. Tisewera ndi maginito. Koma lamulo lathu ndi limodzi. Palibe sewero ngakhale limodzi limene likhudze soketi. Magetsi a pakhoma tiwaphunzira ndi mutu, zala zikhale kutali. Tagwirizana? Tiyeni tsopano.

Kodi m'batire muli chiyani? Ana ambiri amaganiza kuti muli magetsi amene anatsekeredwamo. Si choncho ayi. Muli zitsulo ziwiri zosiyana ndi mankhwala pakati pake. Mukayatsa tochi, mankhwala aja amayamba kusintha. Akamasintha, amakankha magetsi kuti ayende m'waya mpaka ku babu. Akasintha onse, kukankha kuja kumatha. Pamenepo ndi pamene timati batire latha. Munthu woyamba kupanga batire anali Alessandro Volta wa ku Italy, m'chaka cha 1800. Iye anasanjikiza tizitsulo tozungulira ta mkuwa ndi ta zinki. Pakati pa tizitsulo timeneti ankaikapo kakatoni konyowetsedwa m'madzi a mchere. Tangoganizani! Zitsulo ndi madzi a mchere basi, magetsi n'kutuluka.

Nanga kutchaja n'kutani? Ndi kubweza mankhwala aja kuti akhale mmene analili poyamba. Timakankhira magetsi m'batire chobwerera, kudzera kumene amatulukira kuja. Mankhwala amasinthanso pang'onopang'ono mpaka batire lapezanso mphamvu. Batire loyamba lovomera zimenezi analipanga Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. Anagwiritsa ntchito mtovu ndi asidi. Kodi mukudziwa kuti batire la galimoto lili ndi zinthu ziwiri zomwezo mpaka lero? Tengani pensulo. Lembani chaka chino, muchotsepo 1859. Patapita zaka zonsezo, nzeru ya munthu ameneyu ikulizabe minibasi m'mawa uliwonse.

Kodi batire lililonse limatchajidwa? Ayi ndithu. Mabatire wamba a tochi ndi a wailesi, amene timagula pa okala, anapangidwa kuti agwire ntchito kamodzi kokha. Mankhwala ake sabwerera bwino. Mukawakakamiza, amatentha, amatuluka madzi oyabwa, ndipo ena amaphulika. Batire lotchajidwa limakhala lolembedwa kuti ndi lotchajidwa. Ngati simukuona mawu otero, funsani munthu wamkulu.

Kodi munaonapo tizizindikiro tiwiri pa batire? Tengani batire la tochi, muliyang'ane bwino. Mbali ina pali kamtanda, ngati ka masamu ophatikiza. Mbali inayo pali kamzere, ngati ka masamu ochotsera. Tizizindikiro timeneti tikutiuza kuti magetsi a m'batire ali ndi njira yawo. Amayenda kulowera mbali imodzi yokha, ndipo sasintha maganizo. Yesani izi ndi tochi ya masiku ano, ya timababu ting'onoting'ono towala kuti mbee. Tulutsani mabatire onse. Abwezeni chozondoka, mutu ukhale kumene kunali mchira. Yatsani. Zii, palibe kuwala! Abwezeni bwinobwino msanga, ndipo tochi iwalanso. Sungani zimenezi m'mutu, tidzazifunanso kutsogoloku.

Nanga magetsi a pakhoma amayenda bwanji? Amenewa ndi osakhazikika. Amapita, amabwerera, amapita, amabwerera. Mukuganiza kuti amachita zimenezi kangati pa sekondi imodzi? Yambani mwayesa nokha. Mnzanu ayang'ane wotchi, inu muwombe m'manja mofulumira kwambiri. Pa sekondi imodzi mwawomba kangati? Mwina kanayi, mwina kasanu. Magetsi a m'nyumba zathu amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi imodzi yomweyo. Ndiye pa mphindi imodzi? Chulukitsani 50 ndi 60. Mwapeza 3,000 eti? Mukuona babu likuwala phee, ngati palibe chikuchitika. Chonsecho m'waya muli pitepite woteroyo.

N'chifukwa chiyani amapita ndi kubwerera chonchi? Tiyeni tiwatsate kumene amachokera. Magetsi ambiri a ku Malawi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Makina oyamba a ku Nkula anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Madzi amatsetsereka mwamphamvu m'mapaipi akuluakulu. Akafika pansi amazunguza gudumu. Gudumulo limazunguza chimaginito chachikulu pakati pa mawaya okulungidwa. Tsono maginito ali ndi nsonga ziwiri. Nsonga ina ikadutsa pafupi ndi waya, magetsi amapita uku. Inzake ikadutsa, amabwerera uko. Chimaginito chija sichiima, ndiye nawonso magetsi sasiya kupita ndi kubwerera. Bungwe la EGENCO ndi limene limapanga magetsi pa Shire, ndipo la ESCOM limawanyamula pa mawaya mpaka m'makomo. Anzanu a ku Zambia ali ndi makina otere ku Kariba, ndipo a ku Mozambique ali nawo ku Cahora Bassa. Malo awiriwa ali pa mtsinje wa Zambezi.

Ndiye chingachitike n'chiyani magetsi opita ndi kubwerera atakumana ndi batire? Tiyeni tisewere. Tengani nyemba 20 ndi mbale imodzi. Mbaleyo ndi batire lathu lopanda moto. Nyembazo ndi magetsi. Mukati "pita!" ikani nyemba imodzi m'mbale. Mukati "bwera!" ichotsenimo. Pita, bwera. Pita, bwera. Chitani zimenezi mpaka mkono utope. Tsopano suzumirani m'mbale. Muli nyemba zingati? Mulibe ngakhale imodzi! Mwagwira ntchito yonseyo, koma mbale ili gwa. Ndi mmene zimakhalira ndi batire. Zimene magetsi alowetsa, akubwerera amazitenganso. Batire silidzaza, limangotentha.

Kodi tingatani kuti mbale idzaze? Itanani mnzanu akhale mlonda. Ntchito yake ndi yophweka. Mukati "pita!" akuloleni kuika nyemba. Mukati "bwera!" atseke mbale ndi dzanja lake. Yambaninso. Pita, nyemba yalowa. Bwera, patsekedwa. Pita, ina yalowa. Mwaona? Pang'onopang'ono nyemba zonse 20 zathera m'mbale. M'tchaja muli kamlonda koteroko. Dzina lake ndi diode. Ndi kakang'ono kuposa nyemba imene mwagwirayo. Kalibe maso, kalibe manja, koma sikalakwitsa. Kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi, mbali inayo kamakana. Anthu anzeru anapeza kuti akalumikiza ma diode anayi mwaluso, palibe ulendo wopita pachabe. Ngakhale magetsi obwerera aja amakhotetsedwa n'kulowa pakhomo loyenera.

Kodi mwakumbukira tochi ija imene inakana kuyaka? Tsopano mwadziwa chifukwa chake. Kababu kakang'ono kowala kaja nakonso ndi diode. Ndi diode imene imawala magetsi akamadutsa. Mutatembenuza mabatire, magetsi anafikira pakhomo lolakwika. Kamlonda kanatseka. Ndiye kuti mwakhala mukuyenda ndi diode m'thumba osadziwa!

Ndiye kuti tikangopeza diode, nkhani yatha? Ayi, ana anga, vuto lalikulu likadalipo. Magetsi a pakhoma amakankha mwamphamvu kwambiri. Mphamvu yokankhira imeneyi amaiyeza mu ma volt. Batire limodzi la tochi lili ndi volt imodzi ndi theka. Batire la foni lili ndi ma volt pafupifupi 4. La galimoto lili ndi 12. Nanga soketi ya pakhoma? Ili ndi 230! Tiyeni tiwerenge. Mabatire awiri a tochi amapanga ma volt 3. Anayi amapanga 6. Asanu ndi atatu amapanga 12, kufanana ndi batire la galimoto. Kuti tifike pa 230 pafunika mabatire oposa 150 ondondozana. Tsekani maso muwaone, mzere wautali kuchokera pakhomo mpaka kubwalo. Mphamvu yonseyo ili kuseri kwa timabowo titatu ta soketi. Batire laling'ono silingaipirire. Nalonso thupi la munthu silingaipirire.

Nanga ndani amene amachepetsa mphamvu imeneyi? Mnzathu wina wotchedwa thiransifoma. Munamuonapo ndithu. Ndi chibokosi chachitsulo chija chimakhala pamwamba, pakati pa mapolo a magetsi. Mukadutsa chapatali mumamva chikung'ung'udza chapansipansi. Mawaya olowa m'chibokosicho amabwera ndi mphamvu yoopsa, m'malo ambiri ma volt 11,000. Otulukamo amapita m'nyumba ndi 230. Musayandikire, musagende, musakwere polo. Kungochiona muli patali n'kokwanira. Koma nachi chodabwitsa. M'tchaja ya foni mulinso kathiransifoma kakang'ono kogwira ntchito yomweyo. Kamalandira mphamvu yaikulu, n'kutulutsa ma volt 5 okha.

Kodi kamachita bwanji zimenezi? Kuti mumvetse, pezani maginito. Amapezeka m'sipika ya wailesi yakale imene inatayidwa, ndipo munthu wamkulu akuchotsereni. Ikani kamsomali kapena phini pamwamba pa chikuto cha kope lanu. Maginito akhale pansi pa chikutocho. Ayendetseni uku ndi uko. Kamsomali kakuvina eti? Onetsetsani bwino. Maginito sanakakhudze ngakhale pang'ono. Pakati pali chikuto. Koma mphamvu yawo yadutsa, osaboola, osasiya chizindikiro. Yesani ndi mbale ya pulasitiki. Yesani ndi nsalu. Yesani ndi mapepala 10, kenako 30. Onani pamene mphamvuyo ithere. Ine zimenezi zimandidabwitsabe ngakhale ndakula chonchi. Maginito ang'onoang'ono musawaike m'kamwa, ndipo musawasiye pamene pali khanda.

Nanga ndani anazindikira kuti maginito angawolotse magetsi? Anali Michael Faraday wa ku England. Bambo ake anali osula zitsulo, ndipo iye sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku. Mabuku amene ankasokawo ankawawerenganso. M'chaka cha 1831, mumzinda wa London, anatenga chitsulo chozungulira ngati chibangili. Mbali imodzi anakulungako waya. Mbali inayo anakulungako waya wina. Mawaya awiriwa sanakhudzane paliponse. Waya woyamba anaulumikiza ku batire. Wachiwiri anaulumikiza ku kachipangizo kokhala ndi singano yosonyeza ngati magetsi akudutsa. Atangolumikiza batire, singano ija inagwedezeka! Kenako inaima. Atachotsa batire, inagwedezekanso. Magetsi anawoloka kuchoka pa waya wina kupita pa unzake popanda mlatho. Chitsulo chimenecho anachisunga, ndipo chikadalipo ku London mpaka lero.

Koma bwanji singano inkagwedezeka kamodzi n'kuima? Apa ndiye pokoma. Magetsi akamayenda m'waya wokulungidwa, chitsulo cha pakati chimasanduka maginito. Koma waya wachiwiri sumva maginito ongokhala phee. Umamva maginito amene akusintha, akukula kapena akuchepa. Batire limakankha mofanana nthawi zonse, ndiye kusintha kunkachitika polumikiza ndi pochotsa pokha. Nanga ndi magetsi ati amene sakhala phee? Mwayankha bwino! Ndi a pakhoma aja, opita ndi kubwerera. Khalidwe lomwe lija linatisiya ndi mbale yopanda nyemba ndi limene thiransifoma imalikonda. Popanda pitepite ameneyu, chibokosi cha pa polo chija sichikanagwira ntchito.

Nanga mphamvu imachepa bwanji powoloka? Chinsinsi chili pa kuchuluka kwa mikulungo ya waya. Tengani kamtengo ndi ulusi wa mitundu iwiri. Kumanzere kulungani ulusi wofiira maulendo 46. Werengani mokweza, musadumphe. Kumanja kulungani ulusi woyera kamodzi kokha. Siyani mpata pakati kuti usakhudzane. Mbali ya mikulungo yambiri ndiyo yolandira mphamvu yaikulu. Mbali ya mikulungo yochepa ndiyo yotulutsa mphamvu yaing'ono. N'chifukwa chiyani ndasankha 46? Gawani 230 ndi 46. Yankho ndi 5, ma volt amene foni imafuna. Thiransifoma yeniyeni imakhala ndi mikulungo yambiri kuposa pamenepa mbali zonse ziwiri. Koma masamu ake ndi omwewa. Tsono yesani nokha. Kumanzere kukhale 46 komweko, kumanja mukulunge kawiri. Patuluka ma volt angati?

Kodi zonsezi zimakwana bwanji m'katchaja kolowa m'thumba? Matchaja akale anali aakulu ndi olemera, chifukwa munali chitsulo chambiri. Funsani agogo kapena amalume, mwina akusungabe ina m'kabati. Mukainyamula mudzamva kulemera kwake. Matchaja a masiku ano ali ndi nzeru ina. Amachititsa magetsi kusinthasintha mofulumira zedi, maulendo zikwizikwi pa sekondi imodzi. Akamafulumira choncho, kathiransifoma kakang'ono kamakwanira. N'chifukwa chake tchaja ya foni ndi yopepuka. Koma anzathu awiri aja alimobe, wochepetsa mphamvu ndi mlonda wa pakhomo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kodi mukagwira kansonga ka tchaja kolowa m'foni, bwanji simugwidwa nyesi? Chifukwa choyamba mwachidziwa kale, pamenepo pali ma volt 5 okha. Koma pali chifukwa chachiwiri. Kumbukirani mpata uja munasiya pakati pa ulusi wofiira ndi woyera. M'tchaja yabwino, waya wochokera kukhoma sukhudzana ndi waya wopita ku foni. Chimene chimawoloka pakatipo ndi mphamvu ya maginito yokha. Magetsi oopsa aja amathera tsidya lina. Dzanja lanu lili tsidya lino. Kampata kameneko n'kakang'ono, koma ndi kamene kamasunga moyo wanu tsiku lililonse.

Nanga anthu amene amadzipangira tchaja yawoyawo ndi mawaya? Alipo ndithu, kuno ndi m'maiko ena. Tchaja yatayika, kapena ndalama yogulira palibe. Ndiye munthu amatolera tizidutswa ta zipangizo zakale, n'kulumikiza batire kukhoma popanda thiransifoma. Nthawi zina batire limalandiradi moto, ndipo munthuyo amadzitama. Ine azakhali anu sindimutama ayi. Iye waiwala kampata kaja. Popanda kampatako, pali njira yosaduka kuchokera ku soketi mpaka pamutu pa batire. Batire limaoneka la masiku onse, lolembedwa 12. Koma wogwira mutu wake wagwira magetsi a pakhoma. Amene amagwira nthawi zambiri si mwini nzeruyo. Ndi mwana wokwawa, kapena mlongo wake amene akukolopa pansi ndi manja onyowa. Mukaona zotere kunyumba kapena kwa anansi, musakhudze. Uzani mayi, bambo kapena aphunzitsi.

Koma bwanji mbalame imatera pa waya wa magetsi osafa? Funso labwino! Magetsi amafuna njira yodutsa, polowera ndi potulukira. Mbalame yaponda waya umodzi wokha. Sikukhudza nthaka, sikukhudza waya wina. Magetsi alibe kopita kudzera m'thupi lake, ndiye amangopitirira m'waya. Inu mumaima pansi. Mukagwira waya wamoto, magetsi amalowa pa dzanja, amadutsa m'thupi, n'kutulukira kumapazi kupita m'nthaka. Thupi lathu lili ndi madzi ambiri a mchere, ndipo magetsi amayendamo mosavuta. Akamadutsa, minofu imakungika yokha. Dzanja limafumbata waya n'kukana kuusiya, ngakhale munthuyo akufuna kuthawa. Mtima nawonso ndi mnofu, ndipo ukhoza kusokonezeka kugunda kwake. Khungu likanyowa, ngoziyo imakula kwambiri.

Nanga mutaona munthu wagwidwa nyesi, mungatani? Musamugwire ndi manja, chifukwa nanunso mugwidwa. Kuwani mokweza kuitana akuluakulu. Wina athamange akazimitse swichi yaikulu ya nyumba yonse. Kodi mukudziwa pamene ili kwanuko? Pemphani akuonetseni lero. Munthu wogwidwa nyesi apite naye kuchipatala, ngakhale akunena kuti ali bwino.

Kodi tchaja ili ndi ntchito inanso? Inde, kudziwa poleka. Bwererani ku mbale yathu ija. Ikadzaza, nyemba zoonjezera zimangotayika pansi. Batire likadzaza, mphamvu yoonjezera imasanduka kutentha. Batire la galimoto limayamba kuchita thovu mkati, ndipo limatulutsa mpweya wosaoneka umene umayaka msanga. Kandulo, fodya kapena kanthethe kakang'ono kakhoza kuliphulitsa, asidi n'kuthovokera m'maso. Batire la foni limafufuma, ndipo likhoza kuyaka moto. N'chifukwa chake m'foni muli kachipangizo koyang'anira. Batire likamayandikira kudzaza, kamachepetsa magetsi, kenako kamatseka. Mawaya ongolumikiza mwachisawawa sadziwa poleka.

Kodi munaonapo munthu atamanga batire la galimoto pa keliyala ya njinga? Akupita nalo kokatchajitsa. Akabwera nalo, kunyumba kulira wailesi ndipo kuyaka mababu. Tsiku lina pemphani kuti muwaperekeze, mukaime patali n'kumaona. Mukaona bokosi lokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Wofiira amaupanitsa pamutu wa kamtanda, wakuda pamutu wa kamzere. M'bokosi limenelo muli zonse takambirana lero. Ngati batirelo lili ndi tizivundikiro pamwamba, tiwerengeni ndi maso. Mupeza 6. Mkati muli tizipinda 6, ndipo kalikonse kamapereka ma volt 2. Chulukitsani, muone ngati simupeza 12. Onaninso ngati malowo akupita mphepo. Wodziwa ntchito yake satchaja mabatire m'kachipinda kotsekeka, ndipo salola moto pafupi.

Nanga tchaja ikamafunda, ndiye kuti yawonongeka? Kufunda pang'ono si vuto. Mphamvu ina yochepa imatayika panjira n'kusanduka kutentha. Koma ikatentha moti simungaigwire, ikamanunkha kupserera, ikamalira kuti tcherere, uzani wamkulu aizimitse pa swichi. Chimodzimodzi ikasweka kapena waya wake ukasupuka. Kumata ndi pepala la pulasitiki si kukonza. Matchaja ena otchipa kwambiri amapangidwa mosasamala, ndipo kampata kaja kamakhala kochepa kwambiri. Foni musaitchajire pansi pa pilo kapena m'bulangete, chifukwa kutentha kumasowa kothawira.

Ndiye kuti mwana wokonda kupanga zinthu angokhala manja lende? Ayi, ayi! Ine ndimakondwa ndi ana otere. Munamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu? Ali ndi zaka 14 anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Koma sanasiye kuwerenga. Ankabwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono ka kwawoko, ndipo m'buku lina anaona chithunzi cha makina oyendetsedwa ndi mphepo. Anatolera mitengo ya bulugama, njinga yakale ndi zitsulo zotayidwa. Anapezanso dayinamo, kachipangizo koyatsira nyali ya njinga. Mphepo inazunguza makina ake, ndipo babu linayaka kunyumba kwawo kumene kunalibe magetsi. Taonani zimene iye anachita. Anayamba ndi buku. Anayamba ndi mphamvu yaing'ono ya dayinamo, imene anadzipangira yekha ndi mphepo. M'dayinamo ya njinga muli maginito ozungulira pafupi ndi waya wokulungidwa, ngati makina a ku Nkula omwe aja. Mukaona njinga yokhala nayo, pemphani mwini wake. Zunguzani tayala pang'onopang'ono, kenako mofulumira, muone mmene nyali ikusinthira.

Kodi inunso mungapange batire lanulanu? Mungathe, ndipo silingakupwetekeni. Pezani mandimu anayi, misomali inayi yokhomera malata, ndi tizidutswa ta waya wa mkuwa. Pa ndimu lililonse bayani msomali umodzi ndi waya umodzi, motalikirana pang'ono. Zisakhudzane mkati. Lumikizani waya wa ndimu loyamba ku msomali wa ndimu lachiwiri. Pitirizani choncho mpaka lachinayi. Kumapeto kutsala msomali umodzi ndi waya umodzi zopanda mnzake. Pamenepo lumikizanipo kababu kakang'ono kofiira kochokera m'chidole kapena m'wailesi yakufa. Lowani nazo mumdima. Ndimu limodzi limapereka mphamvu yochepera pang'ono pa volt imodzi, ndiye anayi akhoza kuyatsa kababuko mozirala. Kakakana kuyaka, mukudziwa kale chochita. Katembenuzeni miyendo, paja ndi diode! Mandimuwo mukamaliza muwataye, musawadye. Zitsulo ziwiri zosiyana ndi madzi owawasa pakati: mwachita zimene anachita Volta.

Nanga ntchito yakunyumba ya lero ndi yotani? Pemphani amayi kapena abambo akubwerekeni tchaja ya foni, itazulidwa kale pa soketi. Itembenuzeni. Pali timalemba ting'onoting'ono kwambiri, ndiye pitani nayo powala. Fufuzani manambala okhala ndi chilembo cha V kumapeto kwake. Mupeza nambala yaikulu, kawirikawiri 100 mpaka 240. Imeneyo ndi mphamvu imene tchaja imalandira kuchokera kukhoma. Mupezanso yaing'ono, kawirikawiri 5. Imeneyo ndi imene imapita ku foni. Lembani manambalawo m'kope. Mawa mukafanizire ndi a anzanu kusukulu, ndipo mukawafotokozere aphunzitsi chimene chimachitika pakati pa manambala awiriwo.